Majini a korona amene sitimawatchula: zokambirana pa gulu la Kwathu ku Bembeke

Aphunzitsi Mbewe: Mwaswera bwanji nonse kumeneko. Ndabwera ndi funso, makamaka kwa inu a zachipatala. Lero mu Fomu 4 tinali pa mutu wa majini, ndiye mnyamata wina wandikhalitsa pansi. Akuti anawerenga pa foni ya amalume ake kuti kachirombo ka korona kali ndi majini ena oti ngakhale uwachotse, kamaswanabe osavutika. Funso lake n'lakuti, "Sala, ngati majiniwo alibe ntchito, kachirombo kamawasenzeranji?" Ine ndangoti belu latsala pang'ono kulira, tidzakambirana Lolemba. Chilungamo chake yankho ndinalibe. Chisomo, ndithandize mwana wanga, ndingachite manyazi.

Gift Joni: Majini m'kalasi? Aphunzitsi itanani abusa msanga, ana angayambe kugwa 😂

Bambo Kachingwe: Gift, wayamba. Akunena majini a sayansi, osati a kwa sing'anga.

Chisomo Nangozo: Zikomo aphunzitsi. Ndangofika kumene kuchokera ku labu, kuno ku Blantyre kwatentha moti ndikusirira chisanu cha kwathu. Mwanayo mumugwiritse, ali ndi mutu.

Uthenga wonse wa kachirombo ka COVID-19 unalembedwa pa ulusi umodzi wa RNA wa zilembo pafupifupi 30,000. Magawo awiri mwa atatu a ulusiwo ndi malangizo opangira makina amene kachirombo kamadzikopera nawo. Kenako pali majini anayi omangira thupi lake: S, yomwe ndi minga ija mumaiona pa zithunzi, E ndi M za chikopa chake, ndi N imene imakulunga ulusiwo. Izi zikasowa kachirombo palibe. Koma pakatipakati pa anayiwa pali timajini ting'onoting'ono: ORF3a, ORF6, ORF7a, ORF7b, ORF8 ndi ORF9b. Ndi timeneti mwanayo akunena. Pachingerezi amatitcha accessory.

Gift Joni: Accessory ngati kava ya foni ndi mahedifoni a pa depoti ya Dedza? Ndiye mwanayo sakunama, foni imalira ndithu popanda kava.

Chisomo Nangozo: Imalira inde achimwene, koma taigwetsani pa simenti muone. Dzinalo ndi limene limasocheretsa anthu. Anatitcha choncho chifukwa akachotsa jini imodzi n'kuika kachiromboko m'mbale ya maselo mu labu, kamaswana ngati palibe chachitika. Koma funsani kuti m'mbalemo muli maselo anji. Amene timawagwiritsa ntchito kwambiri amatchedwa Vero, anachokera ku impso ya pusi wa ku Africa kuno, ndipo akhala akusungidwa m'malabu kuyambira 1962 pamene anawatenga ku Japan. Maselo amenewa ali ndi chilema, sangathe kupanga interferon. Pamene ntchito yaikulu ya timajini tija ndi kulimbana ndi interferon yemweyo.

Bambo Kachingwe: Pang'onopang'ono mwanangu, ena ife tinasiya choko kalekale. Interferon ndiye chiyani?

Chisomo Nangozo: Pepani bambo. Ndi mfuu ya selo. Selo ikazindikira kuti mwalowa kachirombo, imatulutsa puloteni imeneyi n'kupita kwa maselo oyandikana nawo. Iwo akalandira, amatseka zitseko, amayamba kupanga zida zodulira RNA yachilendo, ndipo asilikali a m'thupi amathamangira komweko. Anaitulukira mu 1957 ku London, a Isaacs ndi a Lindenmann. Imagwira ntchito m'maola oyambirira enieni, ma antibody, mapuloteni a chitetezo ogwira kachirombo, asanapangidwe n'komwe, chifukwa iwowo amatenga sabata kapena kuposa.

Bambo Kachingwe: Basi ndamva. Kale akuba ng'ombe atavuta kuno, sankabwera onse ndi zingwe. Wina ntchito yake inali kuponyera agalu nyama madzulo. Wina ankamangirira chitseko cha mwini khola kunja kuti asatuluke. Amenewo ng'ombe sankaigwira n'komwe, koma popanda iwo ng'ombe sikanatuluka m'mudzi. Ndiye inu mu labu mumayesa wakuba pa khola lopanda galu, n'kumati woponya nyama alibe ntchito.

Chisomo Nangozo: Bambo mwamaliza zonse, ine ndingopita kukagona 😄 N'chimodzimodzi. Womangirira chitseko ndi ORF6. Kapuloteni kakang'ono, ma amino acid, njerwa zomangira puloteni, 61 okha. Selo ikalandira mfuu ija, uthengawo umayenera kulowa mu nyukiliyasi, muja mumakhala DNA, kuti malamulo odzitetezera atuluke. Polowera pake ndi timabowo ta pa khoma la nyukiliyasi. ORF6 imakakamira pa mapuloteni awiri a pa bowopo, Nup98 ndi Rae1, ndiye wonyamula uthenga, amene timamutcha STAT1, amangoima panja. Mfuu yamveka koma palibe wadzuka.

Woponyera agalu nyama ndi ORF9b. Iyo imapita ku mitochondria, komwe kumayambira belu lochenjeza, n'kugwira puloteni ina yotchedwa TOM70. Selo imachedwa kukuwa.

Aphunzitsi Mbewe: Mitochondria ndimangowaphunzitsa kuti ndi kopangira mphamvu basi. Kani kulinso belu?

Chisomo Nangozo: Kuli ndithu aphunzitsi, silabasi siinena zonse. Ndipo ORF9b muikonda inuyo. Ilibe malo akeake pa ulusi uja. Inalembedwa m'kati mwa jini ya N. Paja zilembo zimawerengedwa zitatuzitatu. Mukayambira pena mumapeza N, mukasuntha ndi chilembo chimodzi mumapeza puloteni ina yosiyaniratu.

Aphunzitsi Mbewe: Dikira ndiyese pa bolodi la m'mutu. ANA AJA ALI APA. Ndikasiya A woyamba zikhala NAA JAA LIA PA. Zopanda mutu.

Chisomo Nangozo: Eya. Tsono kachiromboka kanakwanitsa kulemba chiganizo choti njira zonse ziwiri chikumveka. Chinthu chosowa malo mpaka kulemba mawu pamwamba pa mawu anzake sichingasunge katundu wopanda phindu kwa nthawi yaitali. Limenelo ndi theka la yankho la mwana wanu.

Sisitala Nankhoma: Ndalowa mochedwa, ndinali pa wodi. Chisomo, zimene ukunenazi zikundikumbutsa maphunziro a HIV. Tinkamva za nef, vif, vpu ndi vpr, ndipo ankatinso ndi accessory. Ndi nkhani imodzi?

Chisomo Nangozo: Tizirombo take ndi tosiyana mtundu sisitala, palibe ubale, koma machenjera ake ndi ofanana modabwitsa. Selo iliyonse imapachika panja pake tizidutswa ta zimene zikupangidwa m'kati, pa chinthu chotchedwa MHC class I, ngati chikwangwani cha pa golosale. Asilikali a T akamadutsa amawerenga. Akaona kachidutswa kachilendo amapha seloyo. Nef ya HIV imatsitsa chikwangwanicho. Pa korona, kafukufuku anaonetsa ORF8 ndi ORF7a zikusokoneza chikwangwani chomwecho. Palinso puloteni yathu ina, tetherin, imene imamanga tizirombo tatsopano pa khoma la selo kuti tisachoke, ngati mbuzi pa chikhomo. Vpu ya HIV imadula chingwe chimenecho, ndipo ORF7a nayo imalimbana nacho.

Za nef pali nkhani yotchuka ya ku Sydney, ku Australia. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anthu angapo analandira magazi a munthu mmodzi amene anali ndi HIV, nthawi imeneyo magazi asanayambe kuyezedwa. Anakhala zaka zoposa khumi osadwala. Atafufuza anapeza kuti kachirombo kawo kanali koduka pa nef. Koma m'kupita kwa zaka ena mwa iwo chitetezo chinayamba kutsikabe.

Sisitala Nankhoma: Mzere womalizawo uwulembe ndi zilembo zazikulu. Wina angawerenge theka n'kusiya ma ARV akuti mwina kanga ndi koduka. Mankhwala sasiyidwa, abale.

Anaphiri Amake Thoko: Ndakhala ndikungowerenga. Ndifunse nane, ngakhale za sukuluzi zinandipitirira. Mu January 2021 malemu bambo a Thoko ndi mng'ono wawo anapita limodzi ku maliro ku Ntcheu, galimoto imodzi, anagona nyumba imodzi. Onse anabwerako akutsokomola. Alamu anga masiku atatu anadzuka n'kupita kukapalira kachewere wawo. Bambo a Thoko sabata yoyamba ankaoneka bwinobwino, ankadya, mpaka ankaseka kuti ndi chimfine cha kuphiri. Sabata yachiwiri anayamba kubanika, tinathamangira nawo kuchipatala, masiku anayi anatisiya. Mpaka lero ndimadzifunsa. Kodi iwowo anatenga kokhala ndi majini onsewo, alamu anga n'kutenga koduka?

Bambo Kachingwe: Pepani Anaphiri. Tinali limodzi pa maliro aja, sitinaiwale. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Gift Joni: Pepani mayi. Nthabwala ndaika pambali.

Chisomo Nangozo: Pepani kwambiri mayi. Ndiyankha mosamala. Anthu awiri amene atengera malo amodzi nthawi imodzi, kawirikawiri kachirombo kamakhala kamodzimodzi, ndi majini omwewo. Nthawi imeneyo kuno kunali mtundu wa Beta, umene unayamba kuonekera ku South Africa. Chimene chimasiyana kwambiri ndi mudzi umene wakubayo walowa. Msinkhu, shuga, BP, kunenepa, zonsezi zimasintha mmene thupi limayankhira. Ndipo pali china chokhudza mfuu ija. Mu 2020 akatswiri anapeza kuti mwa odwala amene COVID-19 inawafikitsa pa kayakaya, pafupifupi mmodzi mwa khumi aliyense anali ndi ma antibody olimbana ndi interferon wa thupi lake lomwe. Ambiri mwa iwo anali amuna. Munthu wotere amakhala wathanzi zaka zonse osadziwa kanthu, chifukwa sizioneka ndi maso. Ndiye taganizani: kachirombo kakutseka pakamwa pa selo ndi ORF6 ndi ORF9b, thupi nalo likuzimitsa kamfuu kotsalako. Sindikunena kuti ndi zimene zinachitikira bambo, zimenezo zikanafuna kuyeza magazi awo. Ndikungoti abale awiri a bere limodzi angathe kulandira kachirombo kamodzi mosiyana chonchi, popanda wina kulakwitsa kanthu.

Sisitala Nankhoma: Anaphiri, zimene mwafotokoza za sabata yoyamba ndi yachiwiri ndi zomwe tinkaona tsiku ndi tsiku. Munthu amabwera akuyenda yekha, akulankhula, koma ukamuika kachipangizo ka pa chala, okosijeni ali pansi zoopsa. Achibale ambiri amadziimba mlandu kuti tinachedwa. Matendawa ankanamiza ngakhale ife ovala yunifolomu. Mwezi umene uja, pa 12 January, nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anthu oti chithandizo sichikanawasowa. Musadzizunze mayi.

Anaphiri Amake Thoko: Zikomo. Alamu anga ena ankanong'ona za ufiti, kuti bwanji mmodzi yekha. Mwina ndiwawerengere zimenezi.

Aphunzitsi Mbewe: Chisomo, pali pamene pandisokoneza. Ngati timajiniti timatseka mfuu, ndiye kuti thupi limakhala chete. Nanga bwanji tinkamva kuti chimene chimapha ndi chitetezo chochita kunyanya?

Chisomo Nangozo: Zonse ziwiri n'zoona, koma pa nthawi zosiyana. Masiku oyamba mudzi uli m'tulo, kachirombo kakuswana mwakachetechete m'mphuno ndi kukhosi. N'chifukwa chake munthu ankapatsira anzake asanadzimve n'komwe kudwala. Pamene thupi likudzidzimuka, akuba adzaza kale mpaka m'mapapo. Ndiye anthu a m'mudzi amadzuka ndi mkwiyo, kuyatsa moto paliponse, kutentha ndi nkhokwe zawo zomwe. Mapapo amatupa, timatumba ta mpweya timadzaza madzi. Apa ORF3a imatchulidwa kwambiri. Ndi yaikulu pa timajini tonseti, ma amino acid 275. Imasokoneza malo amene selo imagayira zinyalala zake, imathandiza tizirombo tatsopano kutuluka, komanso imakolezera kutupa ndi kufa kwa maselo. Atayesa pa mbewa za mu labu, kachirombo kochotsedwa ORF3a sikanawononge mapapo ngati kathunthu.

Gift Joni: Mbewa zimenezo akamaliza amazitani? Pa msewu wa M1 zikanayenda malonda 😂 Pepani, ndinati ndasiya.

Sisitala Nankhoma: Iwe Gift. Koma pa nkhani ya nthawi ziwiriyo ndiwonjezere, chifukwa anthu akudzipweteka. Mu June 2020 kafukufuku wamkulu wa ku Britain, wotchedwa RECOVERY, anapeza kuti dexamethasone amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu kwa odwala a pa makina opumira, ndi limodzi mwa asanu kwa amene ali pa okosijeni. Kwa amene sankafuna okosijeni sanathandize. Chifukwa chake ndi chomwe Chisomo wanenachi: mankhwalawa amazimitsa moto wa sabata yachiwiri. Ukamwa tsiku loyamba la chimfine, ukuthandiza ORF6 kugoneka mudzi. Koma pitani pa msika muone, anthu akugula timapiritsi timeneti pa benchi ngati maswiti, ena akuti n'tonenepetsa.

Gift Joni: Chabwino, funso lenileni tsopano. Pa gulu lina la kuno ku Joni kunazungulira uthenga woti korona anataya jini ina, ndiye anafooka, wasanduka chimfine wamba, za katemera tiiwale. Malinga ndi zimene mwanenazi, si zoona? Woponya nyama akathawa, agalu auwa.

Chisomo Nangozo: Uthengawo uli ndi kachoonadi kakang'ono kamene akakokera patali. Kumayambiriro kwa 2020 ku Singapore kunapezeka kachirombo kotaya zilembo 382, ndipo ORF8 inathera pomwepo. Madokotala atayerekeza, odwala 29 amene anali ndi koduka kokhako panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunika okosijeni, pamene mwa amene anali ndi kathunthu oposa kota anafunika. Nkhaniyo inatuluka mu The Lancet chaka chomwecho. Koma mtundu umenewo sunapite patali, unazimiririka miyezi yoyambirira yomweyo.

Tsono onani Alpha, uja anayambira ku England kumapeto kwa 2020. Nayenso ORF8 yake inali yakufa, inkaduka pa amino acid ya nambala 27 m'malo mofika 121. Kodi anafooka? Anafalikira maiko ambirimbiri, n'kudzaza zipatala. Atamufufuza anapeza kuti ankapanga ORF9b ndi ORF6 zochuluka kuposa mitundu yam'mbuyo. Anasiya chida chimodzi n'kunola ziwiri. Ndiye mukamva kuti jini yatayika, funsani kuti iti, ndipo zotsalazo zikutani. Komanso chifukwa chachikulu chimene COVID-19 sikudzazanso mawodi lero n'chakuti matupi ambiri anakumana nayo kale, kudzera mu katemera kapena kudwala. Mudzi unaika alonda. Agogo a zaka 75 a shuga asamve zoti ndi chimfine wamba.

Bambo Kachingwe: Ukunena ine mwanangu, ndamva 😄

Alangizi Lemani: Moni nonse, netiweki ya kuno ku Lizulu imagwira ya Mozambique nthawi zina, mauthenga alowa onse pakamodzi. Mwandifika pamtima chifukwa ife a ziweto korona tinamudziwa kale anthu asanamumve. Woyamba kufotokozedwa anali wa nkhuku, infectious bronchitis, ku North Dakota ku America mu 1931. Nkhuku zimatsokomola, kuyetsemula, zoikira mazira zimachepetsa, mazira ena amatuluka a chikamba chofewa kapena chokwinyika, choyera chake chamadzimadzi. Nayenso ali ndi timajini take, 3a, 3b, 5a ndi 5b. Akatichotsa, nkhuku sizidwala kwambiri.

Anaphiri Amake Thoko: Alangizi, si chitopa chimenecho? Zanga za mazira masabata awiri ano zikuchita ngati zimenezo, mazira ena ofewa ngati a buluzi.

Alangizi Lemani: Ayi mayi, chitopa ndi kachirombo ka mtundu wina, si korona. Chitopa chimapulula khola, nkhuku zimapinda khosi, zitosi zobiriwira. Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso uja, sateteza ku bronchitis. Koma mazira ofewa angabwerenso chifukwa chosowa laimu m'chakudya, kapena chitopa chomwecho chikabwera mofatsa pa nkhuku zobayidwa. Pa foni sindingagamule. Zafa zingati?

Anaphiri Amake Thoko: Sizinafe, koma mwa 60 ndikutola mazira 25 basi.

Alangizi Lemani: Musagulitse kapena kubweretsa nkhuku zina kaye. Ndibwera ndidzaone.

Ndibwerere kwa aphunzitsi, chifukwa ziweto zili ndi zitsanzo zabwino kuposa anthu. Nkhumba zili ndi korona wotsegula m'mimba, PED, amene amapha tiana ta nkhumba. Osasokoneza ndi chigodola, chimenecho ndi china. Kachirombo ka PED akakasunga mu labu n'kumakasamutsa m'mbale ndi m'mbale kambirimbiri, jini yake ya ORF3 kawirikawiri imaduka yokha, ndipo mitundu ina yofooka ya katemera ili ndi chilema chimenechi. M'mbale mulibe agalu, monga anenera bambo Kachingwe, ndiye woponya nyama amachotsedwa ntchito. Amphaka nawo ali ndi korona wa m'matumbo wosaopsa, koma mwa amphaka ena amasintha n'kukhala matenda akupha otupitsa mimba, FIP. Mu tizirombo tambiri ta FIP jini ya 3c imapezeka yowonongeka. Apa ndiye kutaya jini kukuyenda limodzi ndi matenda oopsa kwambiri, osati ofatsa.

Chisomo Nangozo: Alangizi mwanditengera mawu. Chitsanzo chimene ine ndimachikonda ndi cha korona wa mbewa, MHV. Ali ndi jini yotchedwa ns2, imene imadula kachizindikiro kodzutsa RNase L, lumo la selo lodulira RNA. Gulu la a Susan Weiss ku Pennsylvania linaonetsa kuti ns2 ikafa, kachiromboko kamalephera kudwalitsa chiwindi, koma mu ubongo kamaswanabe. Jini imodzi yomweyo, pena ndi yofunika, pena ayi, malinga ndi chiwalo. Ndiye mawu oti "ilibe ntchito" amafunika kufunsa kuti kuti, mwa ndani.

Korona wa MERS, uja anapezeka ku Saudi Arabia mu 2012 wochokera ku ngamila, amene amapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu opezeka nako, ali ndi chida chofanana ndi ns2, dzina lake 4b. Alinso ndi 4a imene imaphimba RNA ya kachirombo kuti selo isaione. Chosangalatsa n'chakuti ngamila zambiri za mu Africa muno zili ndi MERS, koma tizirombo tina ta ngamila za ku Nigeria, Burkina Faso ndi Morocco tinapezeka toduka pa 4b.

Aphunzitsi Mbewe: Nanga timajiniti kachirombo kamatitenga kuti? Mwana uja ndikumudziwa, afunsa zimenezo.

Chisomo Nangozo: Ma korona ndi akatswiri osinthana zidutswa. Awiri akalowa mu selo imodzi, makina okopera aja amatha kudumpha kuchoka pa ulusi wina kupita pa unzake, mwana n'kutuluka ndi mbali za onse awiri. N'chifukwa chake banja lililonse la korona lili ndi timajini take. NL63, mmodzi mwa anayi amene amatipatsa chimfine chaka ndi chaka, ali ndi kamodzi kokha. SARS ya 2003 inali ndi 8. Ndipo zida zimenezi zinasulidwira nyama imene kachirombo kanakhalamo zaka zambiri, monga mileme. Kakalowa mwa munthu, zina zimagwira, zina sizikwanira bwino. SARS yoyamba ija, imene inayambira ku Guangdong kumapeto kwa 2002 n'kudwalitsa anthu pafupifupi 8,000 ndi kupha 774, itangolowa mwa anthu inataya zilembo 29 pa ORF8, jiniyo n'kugawika pawiri, 8a ndi 8b. Tizirombo ta mu nyama za pa msika tinali ndi ORF8 yathunthu. ORF8 ndi jini yosakhazikika, imaduka kawirikawiri.

Bambo Kachingwe: Funso la munthu wokalamba. Ngati mukudziwa kuti mphamvu zake zili pa timajini timeneti, bwanji katemera sanalunjike pomwepo? Ife mu 2021 tinabayidwa AstraZeneca, uja anafika mu March, ankati ndi wa minga.

Chisomo Nangozo: Chifukwa ma antibody amagwira zimene zili panja, bambo. Minga ili panja pa kachirombo, ndipo ndiyo kiyi wolowera mu selo. Ukaiphimba, wakuba watsala kuseri kwa mpanda. ORF6 ndi ORF9b zimapangidwa kachirombo katalowa kale, zimagwira ntchito m'kati mwa selo momwe antibody safika. Ndiye AstraZeneca, Johnson & Johnson ndi Pfizer onse ananyamula malangizo a S yokha. Izi zimatithandizanso ife a mu labu: tikapeza munthu ali ndi ma antibody a N kapena a ORF8, timadziwa kuti anakumana ndi kachirombo kenikeni, chifukwa akatemera atatuwa sangamupatse amenewo.

Kumene timajiniti tingathandize pa katemera ndi njira ya alangizi ija: kuchotsa dala zida zingapo kuti patsale kachirombo kamoyo koma kopanda mano, kophunzitsa thupi.

Alangizi Lemani: Ndipo pamenepo mpofunika maso. Akatemera amoyo a bronchitis ya nkhuku alipo, timawagwiritsa ntchito, koma zinapezeka kuti amatha kusinthana zidutswa ndi tizirombo ta m'khola. Wamulanda mpeni, iye n'kukabwereka kwa msuweni wake. N'chifukwa chake sitilola mlimi kungogula botolo lililonse n'kuthira m'madzi osafunsa.

Gift Joni: Ine ndatolapo kuti uthenga uja ndisautumizenso. Koma sisi Chisomo, ORF imeneyi ndi dzina la munthu? Mwina mzungu amene anatulukira?

Chisomo Nangozo: Ayi 😂 ndi chidule cha mawu oti open reading frame, kutanthauza kachigawo ka ulusi kowerengeka kuyambira pa chizindikiro choyambira mpaka choimira popanda chodula. Manambalawo amangotsata malo ake pa ulusi. Ndipo si ORF iliyonse imene imatulutsa puloteni yeniyeni. Pali ina kumapeto, ORF10, imene anthu anapezeka ndi tizirombo toduka pamenepo koma matenda awo osasiyana ndi a ena.

Aphunzitsi Mbewe: Ndiye kuti mwana uja pa ORF10 akhoza kundigonjetsa.

Chisomo Nangozo: Akhoza, ndipo mukamuvomereze aphunzitsi. Inu munkatiuza kuti wofunsa salipira.

Aphunzitsi Mbewe: Ndinkanena ndisanakumane ndi uyu. Bambo Kachingwe, nkhani ya ng'ombe ija ndaibwereka, ndikaiyamba nayo Lolemba. Chisomo, ungandijambulire ulusi uja pa pepala, ndi malo a majini onse, unditumizire? Buku lathu lili ndi chithunzi cha kachirombo kozungulira basi.

Chisomo Nangozo: Mawa masana ndikatuluka ku tchalitchi. Pano maso akulemera, ndinayamba 6 koloko m'mawa.

Anaphiri Amake Thoko: Alangizi, mubwera liti? Ndikonzeretu.

Alangizi Lemani: Lachiwiri m'mawa, njinga ikalola. Mundisungire mazira atatu ofewawo, musawataye, ndi thumba la chakudya chimene mukuzipatsa. Ana asalowe m'kholamo ndi nsapato zoyendera kwa aneba.

Anaphiri Amake Thoko: Chabwino. Mukafika pa mjigo muimbe, msewu wakumunsi uja unakumbika ndi mvula, Thoko adzakuchingamirani.